Maluwa pa Khomo Lotseka

Wokondedwa mwana wanga Diwan,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mkazi wako Kamla ndi mdzukulu wanga Neema. Chifuwa cha Neema chija chinatha? Utsi wa ku Ludhiana kwanuko ine sindiukonda. Kuno ndilipo, bondo lokha ndi limene likundizunza, ndipo anyani amaliza tirigu wa m'munda wa kumtunda ine ndikuyang'ana.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni sitimvana. Ndikangoyamba nkhani umati, "Ija, mayi anga, makina akusokosa, ndiimbanso," ndipo suimba.

Nyumba ya malamulo ya chigawo chathu inatsegulidwa sabata yatha. Mwina ukuti zikundikhudza chiyani ine nkhalamba. Zikundikhudza. A Joshi, aphunzitsi athu, anatiitana pabwalo la sukulu n'kutiuza kuti aphungu akukambirana zotseka masukulu a ana ochepa, anawo azikaphunzira ku sukulu yaikulu ya kuchigwa. Yathu yatsala ndi ana asanu ndi awiri, ndipo atatu mwa iwo ndi a Kundan, mwana wa Bachuli woyandikana nane uja.

Phungu wathu anadutsa kuno asanapite ku msonkhanoko. Anamwa tiyi wathu, anagawira ana maswiti, n'kulumbira kuti iye ndi mwana wa kumapiri, sangalole zoterozo. Bachuli, ndi pakamwa pake paja, anamufunsa kuti nanga ana ake amaphunzira pa phiri liti. Anthu anaseka, iye anasekanso, galimoto n'kunyamuka.

Kundan wanena poyera kuti ana ake sadzadutsa m'nkhalango ya akambuku ija m'mawa uliwonse. Sukulu ikatsekedwa asamukira ku tauni ya Haldwani, mayi ake a Bachuli awatenganso. Zikatero mbali yathu yonse ya mudzi nditsalamo ndekha.

Tsopano imva chimene chandilembetsa. Dzana linali tsiku la Phool Dei, chikondwerero chathu cha maluwa chija. Ukukumbukira mmene unkathyolera maluwa ofiira a m'phiri n'kumayenda ndi anzako khomo ndi khomo, kuika maluwa, kuimba madalitso, kulandira mpunga ndi shuga wa nzimbe. Masiku ano nyumba zambiri zili ndi maloko, ndiye ana anazolowera njira yawo. Pamene pali anthu amaimba n'kudikira. Pamene eni ake anasamuka amangoika maluwa mwakachetechete n'kupitirira.

Ine ndinakonzeratu zonse, mpunga m'lichero, shuga nditaphwanyaphwanya. Koma m'mawa bondo linakana, moto sindinakoleze, ndipo chitseko chinali chotseka chifukwa cha anyani. Ndinagona n'kumadikira kuti akayamba kuimba ndiwauze akankhe chitseko.

Ndinamva mapazi awo pa masitepe a miyala. Kenako ndinamva Pinki, kachitsiriza ka Kundan, kakuuza anzake kuti pano musaimbe, agogo a Hansi anapita ku Ludhiana, bambo ankanena kuti apita. Wina anatsutsa kuti bodza, alimo. Pinki anati, "Ngati alimo, utsi uli kuti?" Anaika maluwa n'kutsika.

Ndikanakuwa akanandimva, Diwan. Koma ndinangogona chagada m'nyumba mwanga momwe, misozi ikulowa m'makutu.

Masana Bachuli atamva zimenezi anawakusa onse akuwakalipira, anadzaimba, ndinawapatsa zawo. Ndinamuletsa kumenya Pinki. Mwanayo sananame, anangofulumira.

Ndikudziwa yankho lako, udzati Ija tsikani mudzakhale nafe. Ndinayesa chaka chija, ndinakhala m'kachipinda kanu ka m'mwamba n'kumayang'ana khoma la fakitale mpaka ndinadwala. Pempho langa ndi lina. Nditumizire Neema adzaphunzire kuno chaka chimodzi. A Joshi apempha khomo lililonse kuti lilembere ana ake a m'tauni. Akuti ana akachuluka lamulo lisanayambe kugwira ntchito, sukulu ikhoza kupulumuka. Mwana wa a Bisht a m'mudzi muno wavomera kale kutumiza ake awiri.

Kamla adzati sukulu yathu ilibe Chingerezi, denga limadontha, mphunzitsi ndi mmodzi. Zonsezo n'zoona. Koma iwe unaphunzira pomwepo ndipo sunatuluke chitsiru. Neema adzamwa mkaka wa njati yathu yoweta, adzapuma mpweya wabwino, tsitsi ndidzamuluka ndekha.

Ndikudziwa kuti ndikupempha mwana kwa mayi wake, ndipo ndikuchita manyazi polemba. Sindikunamiza kuti ndikuchitira sukulu yokha. Ndasungulumwa, mwana wanga. Masiku ena ndimafika madzulo ndisanalankhule ndi munthu, kupatula njati.

Sukulu itsegulira mu Epulo, choncho mukambirane msanga. Mukakana sindisunga chakukhosi. Iwe udzangobwera tikatha kukolola, ubweretse loko wolimba, ndipo ndidzatsika nawe. Koma chitseko udzatseke ndiwe. Ine ndidzakudikira kumsewu.

Mulungu wathu Golu Devta akusungeni nonse. Undiperekere moni kwa Kamla, umuuze kuti ndilibe naye chifukwa. Neema umupsompsone pachipumi, koma kalatayi usamuwerengere.

Ndine Ija wako,
Hansi Devi