Alaïs Akakupatsani Moni

Paris, mwezi wa Meyi

Okondedwa Bambo,

Landirani moni kuchokera kuno. Kodi bondo lija likukulolani kuyenda m'mawa? Mlongo wanga Josiane anandiuza kuti chisanu chachedwa kuchoka kumtunda kwa Aubrac chaka chino, komanso kuti jekete limene ndinakutumizirani likungokhala pamsomali. Livaleni, chonde. Ine ndili bwino. Ntchito ya mulesitilanti ndi yomwe ija yonyamula makapu tsiku lonse, koma miyendo ikadali yolimba.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni mumadula nkhani isanathe. Iyi muimve mpaka kumapeto.

Ndi za mdzukulu wanu Alaïs. Chimwalirireni mayi ake anasiya mpira, ndipo chakudya ankangochitembenuza ndi foloko. Nyengo yonse yozizira tinkakhala patebulo awiriwiri osayankhulana. Ine sindidziwa kuyambitsa nkhani, mukudziwa. Amene ankadziwa ndi mayi akewo, Odile.

Mwezi wa Malichi kunabwera foni. Pali timu ya atsikana yoimira anthu a chinenero chathu, Chiokisitani, chimene inu mumachitcha patuwa. M'chilimwe akukasewera mpikisano ndi mitundu ina imene ili ndi zinenero zawozawo, ndipo akufuna goloboyi, ndiye anaitana mwanayu kuti akayesedwe. Tsiku limenelo Alaïs anamaliza mbale yake, n'kupempha ina. Ndinapita kukhitchini ngati ndaiwala mchere.

Sabata yatha ndinapempha tchuthi n'kumuperekeza ku masewero oyeserera kufupi ndi Béziers. Atsikanawo achokera kutali ndi kutali. Ena ndi a ku Béarn, ena a m'chigwa chija cha kutsidya kwa malire a Spain, ena a m'mapiri a ku Italy. Angapo Chifalansa sachimva n'komwe. Choncho m'bwalo amaitanana m'chinenero chathu, chifukwa ndi chokhacho chimene onse amakumanirapo.

Chigawo choyamba Alaïs anagwira bwino kwambiri, moti anthu amene ndinakhala nawo ankafunsana kuti mwanayo ndi wa ndani. Chigawo chachiwiri kunabwera mpira wa pakona, wam'mwamba. Alaïs anakuwa kuti ausiye ndi wake, koma anakuwa m'Chifalansa. Esterina, mtsikana wotchinga kumbuyo wa ku Italy, sanamve. Analumpha onse awiri. Chibakera cha Alaïs chinaphonya mpira n'kutera pankhope ya mnzakeyo. Mphuno inathyoka, ndipo mpira unagubuduzika wokha kulowa m'golo. Bwalo lonse linati zii. Ndinkamva mtsikanayo akubuula kuchokera pamene ndinakhala.

Esterina ndi wamtima wabwino. Ali ndi thonje m'mphuno anamuitana Alaïs n'kunena kuti, "Iwe wa ku Paris, tsiku lina ukafuna kundipha undiuze m'chinenero chimene ndimamva, ndiyambe ndatsanzika amayi anga!" Anzake anaseka. Koma Maylis, goloboyi winayo, wa ku Béarn, sanaseke. Anati, "Jezi ndiye yakukhala bwino, mayi. Unabwera kudzajambulitsa eti? Ukamaliza utisiyire golo ife eni ake." Ananena m'chinenero chathu dala. Alaïs anamva liwu lililonse, ndinaona pankhope pake, koma pakamwa panakana kutseguka.

Aphunzitsi a timu, Mayi Castanier, anatiitanira pambali. Anatiuza mosabisa kuti manja a Alaïs ndi abwino kuposa a Maylis, koma sangaike m'golo munthu amene otchinga ake sakumumva. Akuti lero yathyoka mphuno, mawa lidzakhala khosi. Kumapeto kwa Juni adzasankha mmodzi yekha, ndipo adzasankha amene angathe kukalipira anzake akumveka.

Titafika kunyumba anandiuza kuti mawu onse a mayi ake ali m'makutu mwake, aja ankamuuza pomusambitsa ndi pomupesa, koma akafuna kuwatulutsa lilime limauma. Tinayesa kucheza awiriwiri m'chinenerocho. Sitinapite patali. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ababa, inu mumangodziwa zotukwana basi. Ndiziwatukwana amayi awo anthu ndili m'golo?" Akunena zoona. Kuno aliko amene amaphunzitsa chinenerochi madzulo, anapitako, koma akuti amayankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga m'tchalitchi, pamene mpira sudikira. Akufunika munthu womukalipira, womutuma, womuseka akalakwa mpaka lilime limasuke. Kubanja kwa Odile kulibenso wotsala amene amachiyankhula. Kwathu mwatsala inu.

Ndikudziwa za nsapato yamtengo ija imene ankakukolekani m'khosi kusukulu mukayankhula patuwa, ndi kuti pofika nayo kunyumba agogo ankakuwonjezerani chikwapu. Ndikudziwa kuti n'chifukwa chake ine ndi Josiane munatilera m'Chifalansa chokha. Ndikukumbukiranso zimene munamuuza Odile paubatizo wa mwanayu, kuti chinenerochi chidzamusiya ali wantchito wa anthu, ndi kuti kuyambira pamenepo inu ndi iye munkangopatsana moni. Sindikudzutsa mlandu. Odile anapita, ndipo sindinamumvepo akukunenerani choipa.

Pempho langa ndi limodzi. Alaïs akubwera Loweruka pa sitima ya ku Aumont, alamu anga a Lucien akamutenga. Akhala mwezi wathunthu. Adzakuuzani kuti wabwera kudzathandiza kukweza ng'ombe kuphiri, ndipo adzathandizadi, ali ndi mphamvu. Sakudziwa kuti ndakulemberani. Pakhomo adzakupatsani moni m'chinenero chathu. Ndamumva akuyeserera m'bafa chitseko chili chotseka. Mawu ake ndi okhota, a ku Paris, mwina mudzafuna kuseka. Sekani ndithu, koma mumuyankhe m'chinenero chomwecho. Mukamuyankha m'Chifalansa, monga munkachitira ndi ife tikayesa, mwana wanga ndikumudziwa, sadzayesanso. Adzataya malo m'timu, adzabwerera kuno n'kukhalanso chete. Bambo, nyengo ina ngati ija ine sindingaithe.

Mundiperekere moni kwa mlongo wanga Josiane, alamu anga ndi ana awo onse. Azakhali a Léonie muwauze kuti tchizi chawo chinafika bwino. Amene angapite kumanda kwa Odile achotseko udzu, ine ndibwera mu Ogasiti.

Ngati kumuyang'ana m'maso n'kuyankhula naye kungakukanikeni, sindikukakamizani. Josiane akuti m'khola, mukaganiza kuti palibe munthu, ng'ombe ndi galu mumaziyankhula m'patuwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mungomulola aime pambuyo panu, ndipo musasiye kuyankhula.

Ndine mwana wanu,
Régis