Masitepe Khumi ndi Anayi

Kachulu, kwa Mwambo,
Zomba.

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mzuzuko pamodzi ndi ana. Kuno tilipo. Mpunga wacha, kungoti mbalame zikudya poti ndilibe woziingitsa.

Mukudziwa kuti chichitikireni ngozi ija, abwana anandilola kugwirira ntchito kunyumba, kulemba malipoti a asodzi pa kompyuta. Tsopano kwabwera kalata yoti aliyense wa mu ofesi mwathu azipezeka pa desiki pake ku Zomba.

Ndinapita Lolemba lapitali. Kondakitala anamangirira njinga yanga ya olumala kumbuyo kwa minibasi pamodzi ndi matumba a matemba, ndipo ndinafika ndikununkha nsomba. Ofesi yathu ili pamwamba, masitepe khumi ndi anayi. Ndinapempha kachipinda kapansi kosungiramo mafayilo akale. Abwana anangomwetulira. "Mayi Elenala, musadandaule, tizikunyamulani. Ifenso ndi anthu." Amesenjala awiri anandinyamuladi ngati thumba la chimanga, anzanga akuyang'ana kumbali.

Koma azakhali, chimbudzi chili pansi. Ndingawauze bwanji amuna a eniake zimenezo? Tsiku lonse sindinamwe ngakhale dontho la madzi, tiyi yemwe ndinakana. Anzanga akuti ndayamba kunyada. Masana onse anatsika kukadya, ine n'kutsala ndekha, kumangomvera wotchi yapakhoma.

Pali kalata ina yosiya ntchito imene ndalembera abwana. Ili m'kati mwa Baibulo, sindinasaine. Amalume musawauze kaye.

Mawa ndi Lolemba. Kapu yanga yomwera madzi ndaivundikira kale.

Ndine mwana wanu,
Elenala