Kugunda Komwe Amuna Anga Sakukumva

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 54. Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Sandton, koma kwathu ndi pafuleti ina ku Doornfontein, komwe ndimakhala ndi amuna anga, a Binali. Nkhani yanga ndi ya galimoto, ngakhale ineyo laisensi ndilibe ndipo chiwongolero sindinachigwirepo.

Galimotoyo ndi yakale, yadutsa zaka makumi awiri. A Binali amaisamala kuposa momwe amandisamalira ine. Lamlungu lililonse amaitsuka n'kuipaka polishi mpaka matayala. Ndi yomwe imandiperekeza kuntchito Lolemba m'mawa ndi kudzanditenga Lachisanu madzulo.

Kuyambira mu Seputembala yayamba kugunda. Akaponda buleki, kutsogolo kumamveka kuti gu! kamodzi kokha, ngati munthu wamenya kunsi kwa galimoto ndi mtengo. Kumamvekera mbali yanga, yakumanzere, ndipo ndimakumva ndi m'mapazi momwe. Akaima pang'onopang'ono pa roboti, kulibe. Koma tekisi ikatidula kutsogolo iwo n'kuponda modzidzimuka, gu! Akamabwerera m'mbuyo potuluka pageti n'kuponda, gu! Pa mahampu kumachitanso gudugudu pang'ono.

Vuto ndi lakuti eni ake galimoto sakukumva. Anagwira ntchito zaka 19 pafakitale ina yodinda malata komwe kuno, ndipo makutu anawasiya pa makina omwewo. Lakumanzere ndiye lidatheratu. TV amaikweza mpaka a Connie a pafuleti yoyandikana nafe amagogoda khoma. Koma mukangowauza kuti sakumva, mwaputa nkhondo. Iwo amati anthu a masiku ano amalankhulira kukhosi.

Nditawauza koyamba anati, "Ndi mabotolo ako a achari ali m'buti amenewo." Ndinatsitsa mabotolo onse, kugunda kunatsala. Kachiwiri anati, "Iwe galimoto unaidziwira kuti? Ine ndi imeneyi tafika ku Balaka kanayi konse." Nditalimbikira, anapita nayo ku Fordsburg kwa a Kalumba, makaniko wa ku Chipata yemwe ndi mnzawo wakalekale. Anapita okha. Pambuyo pake ndinaimbira a Kalumba, ndipo anandiuza kuti atafunsa vuto, bambowo anangoti, "Palibe vuto, madam akungolongolola za mabuleki, tangoonaniko." A Kalumba anasintha mapadi a mabuleki, ndipo kwa ine anati, "Amai, motoka ili che bwino manje, sharp sharp." Lolemba lotsatira, pa roboti yachiwiri yokha, gu!

Pa 12 Disembala tikunyamuka kupita kumudzi ku Balaka, kuli ukwati wa mwana wa mchemwali wanga. Mwana wathu wamkazi Shalom sanapatsidwe tchuthi kuntchito, ndiye watipatsa atsikana ake awiri kuti akaoneko kwawo koyamba. Wamkulu ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, wamng'ono zinayi. Katundu adzadzaza mpaka pamwamba.

Ndaganizapo zoti ine ndi anawo tikwere basi, iwo abwere okha. Koma kutero ndi kuwavula pamaso pa abale, chifukwa chaka chonse akhala akulengeza pa gulu la banja la WhatsApp kuti akubwera ndi adzukulu pa galimoto yawo. Komanso ngati galimotoyo ili ndi vuto, ndiwasiye akagwe nayo okha ku Tete? Mantha ndili nawo, Aphungu. Kodi n'chiyani chikugunda? Nanga munthu ungamutsimikizire bwanji phokoso lomwe iye sangalimve?

M.B., Doornfontein

Mayi M.B.,

Mwafotokoza bwino kuposa madalaivala ambiri okhala ndi laisensi m'thumba. Galimotoyo sindinaione, choncho zomwe ndinenezi ndi zokulozerani poyambira. Chigamulo chichokera kwa munthu woigwira ndi manja.

Kugunda kwa poponda buleki kulipo kwa mitundu iwiri. Kwina kumabwerezabwereza, gu-gu-gu, motsatira kuzungulira kwa tayala, ndipo popondera buleki pamanjenjemera, chiwongolero n'kumagwedera. Kawirikawiri ameneyo amakhala disiki, chitsulo chozungulira chomwe mapadi amachifinya, akatha mosafanana. Kukanakhala kumeneko, a Binali akanakumva ndi phazi lawo. Kwanuku ndi kwa kamodzi, popita kutsogolo ndi pobwerera m'mbuyo pomwe. Zikatero ndiye kuti pali chinthu chakhwefuka. Galimoto ikamaima, chinthucho chimakankhidwira mbali imodzi n'kumenya, ndipo mukabwerera m'mbuyo chimabwerera n'kukamenya mbali inayo. Mapadi atsopano sachiza matenda amenewo.

Yambani ndi chosavuta, lero lomwe: manati a tayala lakutsogolo kumanzere aonedwe ngati ali omangika onse. Kenako mabauti ogwira kalipa, chitsulo chomwe chimasunga mapadi aja. Koma poti mwatchulanso mahampu, ine chala changa chikuloza mkono wapansi, chitsulo cholumikiza tayala ku thupi la galimoto. Mbali ina mkonowo umakhala ndi mabushi a labala, mbali inayo uli ndi bolojointi, mfundo yoyenda ngati ya m'chiuno mwa munthu. Labala wa zaka makumi awiri amauma n'kung'ambika. Bushi ikatha, galimoto imakhotera kumbali poima ndipo imadya matayala. Bolojointi ikazuka, tayala limapinda n'kugona pansi, ndipo chiwongolero sichimveranso munthu. Imakonda kuzuka pamene galimoto yalemedwa, pamsewu wa maenje. Msewu wanu wa Disembala mukuudziwa momwe ulili.

A Kalumba musawade. Makaniko amachiza zomwe wauzidwa, ndipo iwo anauzidwa ndi munthu yemwe matendawo sakuwamva. Ulendo uno mupite nawo inuyo, ndipo mukanene ndendende momwe mwandilembera ine: kamodzi, kumanzere, kutsogolo ndi m'mbuyo, ndi pa mahampu. Aikweze pa jeki n'kuichirikiza ndi zoimika zachitsulo, osati njerwa. Agwire tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza, kenako m'mbali. Alowetse chitsulo pa mabushi n'kukanula, aone ngati mkono ukusewera. Chotha chikapezeka, aonenso mbali yakumanja, chifukwa ziwirizi zinabadwa tsiku limodzi. Akamaliza mukapimitse alainimenti, kuti matayala aloze molunjika.

Tsopano za bambo. Lekani kuwauza kuti tamverani. Miyezi itatu mwakhala mukugogoda pakhomo lomwe lidatsekedwa kale. Maso ali nawo, ndipo ndi maso akuthwa ngati amaona fumbi pa tayala. Pezani malo opanda anthu ndi magalimoto. A Kalumba akhale pa chiwongolero, aiyendetse liwiro la munthu woyenda pansi, kenako aponde mwamphamvu. A Binali aime cha kumbali, chapatali pang'ono, osati kutsogolo, ndipo ayang'anitsitse tayala lakumanzere. Ngati bushi yatha, adzaliona likudumphira m'mbuyo m'malo mwake pomwe buleki yagwira. Zikapanda kuoneka bwino, akhale pampando wanu, avule nsapato, aponde pomwe mumaponda inu.

Akaona, inu khalani chete. Mawu oti "ndimanena ine" muwameze. Asiyeni akauze anzawo kuti vutolo analitulukira okha. Mwamuna wopaka matayala polishi sangagone tulo atadziwa kuti kunsi kwa galimoto yake kuli labala wong'ambika. Inu cholinga chanu ndi kukafika ku Balaka, mlandu wa yemwe ankanena zoona mulibe nawo ntchito.

Koma kukonza galimoto sikukonza makutu. Kuchokera pa Beitbridge mpaka pa Mwanza ndi msewu wa mathiraki, ndipo thiraki imachenjeza ndi hutala. A Binali akapimitse makutu kuchipatala. Timakina tothandiza kumva tilipo, ndipo tina sitioneka n'komwe. Nkhani imeneyi musaiyambe tsiku lomwelo la ku Fordsburg, chifukwa munthu savomera zinthu ziwiri tsiku limodzi. Mwinanso ndi bwino iyambidwe ndi Shalom, poti abambo ambiri amalandira kwa mwana wamkazi zomwe amakana kwa mkazi wawo. Ndipo pakati pa abale opita ku ukwatiwo mufunefune wina wa laisensi wosinthana nawo chiwongolero. Ulendowo ndi wautali kwa munthu mmodzi, ngakhale wa makutu onse awiri.

Chenjezo langa ndi ili. Mpaka tayalalo litaonedwa, galimoto isapitenso ku Sandton. Lolemba kwerani tekisi. Ulendo wake wotsatira ukhale wa ku Fordsburg, pang'onopang'ono. Dziikireni malire pa 1 Disembala, poti malo m'mabasi a nyengo ino amatha msanga. Likafika tsikulo bambo akukanabe, mukadule matikiti anayi, osati atatu, ndipo lachinayilo muwaike m'manja mwawo. Adzakwiya, mwina sadzakulankhulani mpaka pa boda. Abale adzaseka masiku awiri, kenako adzatanganidwa ndi ukwati. Musaiwale kuti mbewa yamanyazi idafera kuuna. Shalom wakupatsani ana awiri, mayi, ndipo mu Januwale adzaima pageti n'kumawerenga otsika.

Aphungu