Kabokosi Sindikachotsa

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji kumeneko? Mwendo uja wasiya kutupa? Ife kuno tilipo, koma mdzukulu wanu chifuwa sichikumusiya. Adokotala akuti vuto ndi utsi wa fakitale yosungunula zitsulo ili kuseri kwa nyumba yathu, komwe bambo ake akhala akugwira ntchito.

Tadandaula zaka ziwiri, eni fakitale n'kumangoti tibweretse umboni. Ndiye aphunzitsi oyandikana nafe anatilumikizira timabokosi totchipa toyezera mpweya. Kanga n'kakang'ono ngati sopo, ndinakamangirira pazenera la kuchipinda. Kamayeza utsi ndi fumbi mphindi iliyonse, n'kutumiza manambala pa intaneti kumakompyuta akutali komwe amasungidwa. Aliyense amawaona pafoni. Tilipo mabanja khumi ndi awiri, ndipo timabokosi tonse tikunena chimodzi: Lamlungu, oyendera mafakitale akakhala patchuthi, utsi umachuluka kasanu kuposa masiku ena.

Lachitatu kunabwera kapitawo wa pafakitalepo. Anakhala pampando wanga wosokera osauzidwa, n'kunena kuti ndichotse kabokosiko, apo ayi akamwini anu ntchito iwathera. Ndinamuyankha kuti akaphwanye ngati akufuna, koma manambala a miyezi inayi sali m'menemo, ali kutali komwe dzanja lake silifika. Anatuluka osatsazika, mpaka kuiwala chipewa.

Ndinkaopa kuti bambo a mwana akwiya. Nditawafotokozera anatenga waya n'kukalimbitsa kabokosi kaja pazenera. Dzulo awachotsadi ntchito.

Amalume anandiimbira foni kuti ndikapepese, ati wakutsina khutu ndi mnansi. Muwauze kuti khutu lamva, koma sindipepesa. Ndikapepese chiyani, kuti mwana wanga akupuma?

Pempho langa ndi limodzi. Mutumize achemwali adzatenge mwanayu, akhale nanu mwezi umodzi, chifuwa chipoleko. Lachisanu likubwerali tikukaonekera kukhonsolo ndi manambala athu, ndipo anzanga asankha ine kuti ndikayankhule. Za chakudya musade nkhawa, makina osokera alipo, ndipo manja anga sanachotsedwe ntchito.

Mupereke moni kwa bambo, achemwali ndi ana awo, azakhali, ngakhalenso amalume omwewo. Popemphera musapemphe kuti ndifatse, Amayi. Mupemphe kuti mawu anga asakanjenjemere.

Ndine mzime wanu.