Mkazi Wofatsa wa pa TV

Lolemba, 4 Ogasiti

Anditenga! Ine, woluka tsitsi mu saluni, ndikhala mu sewero la pa TV! Ndavina mpaka kutaya mafuta a kasitomala. Mbali yanga: mkazi wangwiro, wonga wa m'malemba akale a nzeru a Ayuda aja. Achemwali aseka mpaka misozi. Akuti, "Iwe? Wailesi yosathimawe?"

Lachinayi, 7 Ogasiti

Adayirekita atiwerengera mavesi omwe sewerolo latsamira. Mkazi wabwino amalawirira ntchito, salalata, mwamuna wake amayenda monyada. Wolongolola ndiye mavesiwo samusiyira malo. Atafika pamenepo onse anayang'ana ine. Kapena ndimangodziganizira.

Loweruka, 16 Ogasiti

Tajambula. Nyali zotentha, waya wa maikolofoni kuyabwa kumsana. Ntchito yanga kugwetsa maso ndi kunena "Chabwino, bambo." Lilime lachita kutupa ndi kuluma. Koma ndatha, ati!

Lamulungu, 24 Ogasiti

Laonetsedwa! Pabalaza panadzaza, apongozi pampando wakutsogolo. Nditatulukira pa TV anakuwa, "Mpongozi wanga uyo!" Ndinabisa nkhope mu pilo, mapazi akuvina okha.

Onse atapita, bambo a kunyumba anangoti maso pa TV yothima kale. Kenako: "Mkazi ameneuja ndiye mkazi. Mwayi ngwa mwamuna wake."

Nsanje! Ndikuchitira nsanje ine ndemwe!

Lolemba, 25 Ogasiti

Akumufuna eti? Amupeza.

Lachiwiri, 26 Ogasiti

Asiya masokosi pa tebulo. "Chabwino, bambo." Aiwala kutenga mwana kusukulu. "Chabwino, bambo." Ndikumathawira kubafa kukaseka ndi thaulo pakamwa.

Lachitatu, 27 Ogasiti

Sanadye bwino. Ndawamva pafoni akunong'oneza apongozi: "Amayi, sakukalipa. Kaya wadwala, kaya wapeza wina kumasewero kuja." Ndinafuna kuseka, koma mawu awo sanali a nthabwala.

Lachinayi, 28 Ogasiti

Bambo a kunyumba abwera ku saluni masana, atatuluka ku ntchito osatsanzika. Aima pakhomo, pamaso pa makasitomala onse.

"Mayi a mwana, ngati ukundisiya, undiuze."

"Si inu mumafuna wa pa TV uja?"

"Ameneyo andipha. Nyumba yazizira ngati chipatala."

Ndinayang'ana pansi kuti ndisaphulike, ndipo ndi pomwe ndinaona: apita ku ntchito mpaka kufika kuno atavala masilipasi anga a kubafa.

Ndinawakalipira mpaka telala wa khomo linalo anatuluka kudzaona. Amuna anga ali chiimire, mano onse panja ndi chimwemwe.