Batire ya Alamu Inali Kulira

Lachinayi, Okutobala. Kwatentha kwambiri, ndipo mtima wanga sukukhazikika.

Amai agwa m'bafa masana, ine ndili ku chigwirizano cha amai kutchalitchi. Malaiti anapita m'mawa. Akwawa mpaka pa batani la alamu lija tinawaikira pafupi ndi bedi, adina, adinanso, koma zii. Awapeza ndi Bana Mwansa, aneba athu, pobwera kudzatunga madzi. Bondo latupa, koma ku kiliniki ati fupa silinathyoke.

Bambo amene anatiikira alamu wabwera, watsegula kabokosi, watulutsa batire yotupa ngati chitumbuwa. Wati, "Madamu, iyi mumasintha pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, koma ndi malaiti a masiku ano siifikako n'komwe. Sinali kulira?"

Inali kulira, tii, tii, kuyambira nthawi yozizira. Amai atadandaula kuti ikuwasowetsa tulo, ndinawauza kuti imalira posonyeza kuti ili moyo. Sindinadziwe, sindinafunsenso munthu. Ndinangofuna kuti aleke kundivutitsa.

Powathowa bondo andiuza kuti, "Mwanawe, usamukalipire bamboyo. Kanthu kaja kanali kamoyo, ndinali kukamva tsiku lililonse. Ndine nkhalamba ine, mwina sindinadine bwino."

Ndangoti, "Pumulani, Amai."

Batire yatsopano yalowa, nyumba yonse yati bata. Tsopano Amai akundiitana kuchipinda, ali ndi nkhawa, akufunsa ngati kanthu kaja kafa poti kasiya kulira. Ndiyenera kupita ndikawauze, koma ndiyambira pati...