Kaseti ya abambo inapita ndi chiwailesi

Lachitatu, mwezi wa Juni, ku Malindi

Tsiku la lero langodutsa, mumtima muli zii.

Mwezi watha ndinagulitsa chiwailesi cha malemu abambo, chija cha masipika awiri ofika m'chiuno. Chinkangodya malo, komanso aliyense masiku ano akumvera kasipika kolumikiza ku foni. Nanenso ndinagula kanga. Sindinayang'ane moika kaseti. Munali kaseti yomwe abambo anajambula akuimba ndi kwaya ya kutchalitchi, yokhayo yosunga mawu awo.

M'mawa amayi anati, "Esnati, tandiikira abambo ako pa kanthu kakoka. Ndawasowa."

Ndinati katha moto, chonsecho kanali kodzadza. Ambuye, ndanamiza mayi wondibereka.

Masana ndinakwera kabaza kupita kutauni kwa okonza mawailesi amene anachigula. Anaseka. "Achemwali, zimenezo akufuna ndani? Ndinangochotsa mawaya, m'mabokosimo mukugona nkhunda. Kaseti ndinataya kalekale."

Sindinalire. Ngakhale pemphero likukana kutuluka.

Pobwera ndapeza amayi atalumikiza kasipika kaja ku sola, akukapukuta fumbi ndi chitenje. Akuti mawa kakhala katadzadza, ndiye tiwamvera abambo.